Kagetsi Kosankha Munthu

"Ngati mulibe chobisa, alamu, tepi iyi imatani pamenepo?"

A Rogers anafunsa ataima pakati pa bwalo lathu, kachidutswa ka tepi yakuda katamatirira kuchala chawo, akukaonetsa kwa aliyense ngati agwira nsomba yaikulu mu Luangwa. Ine ndinali kuseri kwa khitchini ndikusenda mtedza. Kunena zoona, manja okha ndi amene anali pamtedza, makutu onse awiri anali pabwalo. Ndine Becky, ndipo kuno ku Mfuwe amati ndili ndi pakamwa. Sindikana. Sukulu ndinalekera giredi sikisi, koma za amene wathawidwa ndi mwamuna, amene wagula foni yatsopano, amene analowa kwa yani dzulo, mufunse ine.

Amayi aang'ono, a Rosina, anali pamphasa akuyamwitsa Natasha, ndipo sanadzutse mutu. Iwo ndi mng'ono wa amayi anga, nyumba yawo yayang'anizana ndi yathu. Amuna awo, a Jonah, anamwalira mvula ili mkati, ndipo a Rogers ndi mkulu wa malemuwo.

"Ndinamata chifukwa ndatopa," anatero amayi aang'ono. "Ndatopa kulozedwa chala pamsewu."

"Getsi mwamata. Nanga mwini wake wa getsi mummata ndi chiyani?"

Apa ndikufotokozereni kaye, mungasokere. A Jonah anasiya kagalimoto koyera, kotha utoto koma kothamanga. A Jonah okha ndi amene anaphunzitsa akazi awo kuyendetsa, ndipo ndi galimoto imeneyi amayi aang'ono amakagula tomato, repu ndi kabichi m'madimba a ku Jumbe n'kukagulitsa kumakhitchini a maloji. Phala la Natasha limachokera m'matayala amenewo. Amayi aang'ono ndi aafupi, inu. Akamayendetsa amakokera mpando kutsogolo mpaka pamapeto, n'kukhalanso pakapilo, moti galimotoyo ikamabwera umangoona duku ndi maso. A Rogers ndi aatali ngati nyamalikiti. Iwo akalowa amakankhira mpando kumbuyo kwenikweni, wokhala kumbuyo amachita kukumbatira maondo ake.

Maliro atatha, a Rogers anasunga galimoto masiku angapo, ati akuperekeza abale ochokera kutali. Itabwerera kwa mwini wake, m'pamene kanayamba kagetsi kofiira. Kuseri kwa chiwongolero kuja kuli timagetsi tambiri, ndipo kena kajambulidwa kamunthu kokhala pampando, lamba pachifuwa, chimpira patsogolo pake. Ukapotokola kiyi timagetsi tonse timayaka kenako n'kuzima, ndipo kale kameneka kankazima ndi anzake. Koma tsopano amayi aang'ono akakhala, kankayaka osazima, kupita ku Jumbe mpaka kubwerera. A Rogers akakhala, kankayaka pang'ono, kenako zii. Ndinadzionera ndekha, si zongomva.

Ambuya ake a Natasha, omwe ndi mayi wa a Jonah ndi a Rogers, atakaona analira. A Jonah anali goloboyi wa timu ya kwathu, ndiye ambuyawo anati kamunthuko ndi mwana wawo wanyamula mpira wake, wabwera kudzadandaula. Nkhani inayambira pamenepo, ndipo a Rogers anaitola n'kuiika m'thumba.

Tsono tsiku la tepilo analankhula ngati mlaliki. Anati galimoto ikawonongeka imawonongekera aliyense, koma getsi losankha munthu si la makanika. Anati mzimu wa mng'ono wawo sunachoke pathupi pa mkazi wake, ndipo tsiku lina udzagwetsera galimoto mumlatho, mwana ali momwemo. Mankhwala ake ndi amodzi, anatero: iwo alowe chokolo monga ankachitira makolo, asamale nyumba, asamale mwana, asamale galimoto.

Amayi anga, a Gladys, anali akupeta chimanga, ndipo anaimika lichero.

"Galimoto mwaitchula pomaliza, a Rogers, koma ndi yomwe munayambira kuiona."

"Ine ndikulankhula ndi mkazi wa mng'ono wanga."

"Mng'ono wanu anakwatira kuno. Mwana ndi wathu, mayi wake ndi wathu. Zachokolo tinazisiya kale, anthu anatha nazo zimenezo."

A Rogers sanayankhe za anthu amene anatha. Anangobwerera ku tepi. Ndipo tepiyo inalidi yovuta kuiikira kumbuyo, chifukwa inaoneka ngati umboni. Zinachitika n'zakuti amayi aang'ono anaima pa makanika wina wa pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu. Iye anapala mitu ya batire, n'kunena kuti moto unali wochepa. Kagetsi sikanamve. Ndiye anaseka n'kuti kameneko sikayendetsa injini, kungokamata basi, n'kudula tepi ndi mano. M'mawa wa tsiku la mkanganowu a Rogers anasuzumira pawindo n'kuiona.

Analowa m'nyumba mwa amayi aang'ono osaodira, n'kuchotsa kiyi pamsomali. Anati abale onse akumana kumapeto kwa mwezi kuti amalize nkhani, ndipo kufikira pamenepo galimoto igona kwa iwo. Tinangomva mpando ukukwekwerezeka kupita kumbuyo, injini kulira, fumbi kobo.

Masiku otsatira anali oipa. Amayi aang'ono anayamba kukwera minibasi ndi madengu, kenako kubwereka njinga. Tomato ankafika atasanduka supu. Wophika wa paloji ina anawauza mwaulemu kuti akapitiriza kuchedwa apeza wina. Koma chimene chinkandiwawa ine chinali pamjigo. Azimayi amene tinkaseka nawo anayamba kusuntha ndowa zawo kuti zisakhudzane ndi ya amayi aang'ono. Wina woyembekezera atawaona akubwera anakhotera m'munda mwa chinangwa, kulolera kulasidwa ndi minga. Ana ang'onoang'ono ankawatsatira akuimba zoti "kagetsi, kagetsi". Amayi aang'ono ankangoti nane tiye, Becky, usawayankhe. Kunyumba chakudya ankangochiyang'ana.

Ine pamjigo sindinasiye kupita, chifukwa ndi pa ofesi yanga. Ndi pamenepo ndinamva kuti sabata ya maliro ija wina anaona a Rogers akupalasa njinga kulowera ku Mnkhanya, njira ya kwa sing'anga wina wa mbendera yofiira padenga. Ndi pamenepo ndinaonanso chitenje cha a Alice, akazi a a Rogers. N'chobiriwira, chojambulidwa nkhanga, ndipo amachikonda kuposa mwamuna. Tsiku lina atawerama kuti asenze ndowa, ngodya yomwe amaipisa m'chiuno inatuluka, ndipo inali yoduka. Ndinawafunsa, paja ine sindisunga funso. Anati kaya ndi makoswe, kaya ndi mwana wawo ankasewera ndi lumo, anamukwapula kale koma akukana. Ndinati pepani. Mumtima ndinati makoswe a kwanu ndi atelala, odula mowongoka chonchi. A Alice masiku amenewo nkhope inali yolemera. Ndani angakondwe kumva kuti akumubweretsera mkazi mnzake chifukwa cha getsi?

Tsiku lina madzulo amayi aang'ono anabwera akuyenda mofulumira, dengu lopanda kanthu kumutu. Anati pageti la loji anacheza ndi dalaivala wina wa galimoto zonyamula alendo okaona nyama. Atamufotokozera za kamunthu ndi mpira, iye anati chimenecho si mpira, ndi eyabagi, chithumba chobisika m'chiwongolero ndi m'mipando, chimene chimafufuma mwadzidzidzi pangozi kuti munthu asamenyetse mutu ndi nthiti. Chifukwa chake chosankhira munthu iye sanachidziwe, koma anati pafupi ndi msika pali a Benwell okonza zamagetsi a galimoto, ali ndi kamakina kolankhula ndi galimoto.

M'mawa mwake anapita kwa a Rogers, ine kumbuyo nditabereka Natasha. Tinawapeza akutsuka galimotoyo pansi pa mtengo wa mango, akuimba mluzu. Anamvetsera, n'kuseka, n'kuti makina a mzungu saona mzimu, ndipo galimoto ya mng'ono wawo sikagwiridwa ndi anyamata a pamsika. Tinabwerera chimanjamanja. Titafika, amayi aang'ono anangolowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Apa m'pamene ndinagwira ntchito yanga. Sindinaname, Mulungu ndi mboni. Ndinangofunsa mafunso. Pamjigo ndinafunsa kuti kodi munthu wamtali chonchija angaope kamakina kokwana m'dzanja. Kuchigayo ndinafunsa kuti ngati makina saona mzimu, chovuta n'chiyani kuti ayesedwe. Ku kwaya ndinangonong'oneza mmodzi yekha, uja amene ndimadziwa kuti sasunga, n'kumuuza kuti asauze munthu. Lamulungu lisanafike, funso langa linali litafika pansolo pamene a Rogers amasewera ndi anzawo, ndipo akuti akangogwira mwala wina ankati, "Sewerani bwino, kukubwera makina."

A Rogers anatulukira kwathu maso ali gwa. Ine anandiyang'ana kaye nthawi yaitali, ine ndinayang'ana nkhuku. Kenako anauza amayi aang'ono kuti chabwino, galimoto ipita kwa Benwell, anthu onse aone. Koma makina akapanda kupeza kanthu, kiyi ndi yawo mpaka kalekale, ndipo zokana mwambo zithere pomwepo.

"Galimoto ndavomera," anatero amayi aang'ono. "Akapanda kupeza kanthu, tengani. Koma thupi langa sililowa m'makina amenewo, alamu. Limenelo yankho lake munalimva kale."

A Rogers atapita, amayi anga anawakalipira mng'ono wawo kuti wabetcha bwanji chuma cha mwana pa kamakina kamene sanakaonepo. Amayi aang'ono anati galimoto inapita kale, chimene akubetcha ndi mpata woti ibwerere. Ine ndinadziwa kuti pakamwa panga ndi pamene pafikitsa nkhani apa. Zikalakwika, Natasha adzakula akumva kuti galimoto ya bambo ake inadyedwa ndi miseche ya Becky.

Loweruka m'mawa, kwa a Benwell kunali ngati kuli mpira. Sindikudziwa amene anauza anthu nthawi. Chabwino, ndikudziwa. Ogulitsa nsomba anasiya matebulo, anyamata a njinga anaimika njinga, azimayi a pamjigo anafika atasamba. Ambuya a Natasha anawapatsa mpando pamthunzi. A Alice anaima patali, atavala chitenje chawo cha nkhanga.

A Benwell ndi munthu wonenepa, wosafulumira, magalasi ake omangidwa ndi waya mbali imodzi. Anapereka moni kwa ambuya atagwada pang'ono, anafunsa mmene adzukira, kenako anayang'ana khamu lija n'kufunsa ngati onsewa abweretsa magalimoto. Anthu anaseka. A Rogers anayamba kufotokoza za mzimu, koma a Benwell anati za mizimu iwo sanaphunzire, ayambe ndi zimene akudziwa, zikawakanika adzanena poyera.

Anatsegula kutsogolo n'kupima batire, n'kuti moto ndi wokwanira, wopala mitu uja anangopala. Analiza hutala, anapotokola chiwongolero uku ndi uku akuliza, mpaka agalu a pamsika anayamba kuuwa. Anati m'kati mwa chiwongolero muli kalamba ka mawaya kamene kamatha ndi kupotokola, ndipo kakaduka nthawi zambiri hutala nayo imafa. Iyi ikulira bwino, ndiye mwina si kumeneko. Anafunsa amayi aang'ono ngati anawolokapo madzi akuya nthawi ya mvula, n'kupisa dzanja pansi pa kapeti pakati pa mipando, pamene anati pamakhala kabokosi kolamulira zithumba za eyabagi zija. Panali pouma. Chilichonse chimene ankati chili bwino, a Rogers ankatembenukira kwa anthu n'kutambasula manja. Ine thukuta linali kutsikira pa Natasha kumsana.

Ataona zomata zotsalira pagalasi la timagetsi, a Benwell anafunsa amene anamata tepi. Amayi aang'ono anati ndi iwo.

"Mayi, musadzachitenso. Kagetsi aka kakayaka, galimoto ikukuuzani kuti zithumba zija yazitseka. Mutagunda njovu kapena mtengo, sizingafufume. Mwayenda choncho ndi mwana nthawi yonseyi."

Amayi aang'ono anayang'ana Natasha.

Ndiyeno anatulutsa kamakina kaja, kofanana ndi foni yaikulu yokhala ndi mchira. Mchirawo anaulumikiza pansi pa chiwongolero, n'kupotokola kiyi. Kagetsi kanayaka, kanazima. A Rogers ndi amene anabwera akuyendetsa, ndiye palibe anadabwa. A Benwell anadinadina, anakweza magalasi, anawerenga milomo ikugwedera. Anthu anakhala chete moti ndinamva mbuzi ikutafuna katoni kuseri kwa shopu.

"Panopa palibe cholakwika," anatero.

A Rogers anawomba m'manja kamodzi n'kutambasula dzanja kuti atenge kiyi. Amayi anga anagwira pakamwa.

"Ndati panopa, bambo. Sindinamalize. Getsi limazima, koma galimoto imasunga zimene yaona. Ikunena kuti moto wopita kuchithumba cha mumpando wa dalaivala umaduka n'kubwerera, kuduka n'kubwerera, ndipo zachitika kambirimbiri. Sikunena za munthu. Ikunena za mpando."

Ndinaona amayi aang'ono akuyang'ana mpando uja, kenako miyendo ya a Rogers, kenako miyendo yawo. Anapita pagalimoto osapempha munthu, anawerama, n'kukokera mpando kutsogolo mpaka pamapeto, pamalo pawo pa masiku onse. Anachotsa kapilo kawo kumbuyo n'kukaika pambali.

"Alamu, takhalani. Koma mpando musaukhudze."

A Rogers anati iwo si mwana woti azisewera naye. Wina m'gulu muja anati, "Kukubwera makina," ndipo anthu anaseka. Ambuya ali pamthunzi anati, "Rogers, khala." Ndiye anakhala. Inu, munthu wamtali kulowa pamalo pa munthu wamfupi! Anayamba ndi mwendo umodzi, anapinda khosi, maondo anakwera mbali zonse za chiwongolero mpaka kufika m'makutu, ngati chiwala. A Benwell anazimitsa, n'kuwauza kuti apotokole kiyi.

Timagetsi tonse tinayaka. Tinazima kamodzikamodzi. Kamunthu kaja ndi mpira wake kanatsala, kofiira piriwiri. Tinadikira. Sikanazime.

Amayi aang'ono anawerama pawindo, mawu awo ali pansipansi, koma onse tinamva.

"Pepani alamu, mzimu wasamukira kwa inu. Ndiye inuyo akulowani chokolo ndani?"

Phokoso limene linabuka pamenepo, ogulitsa kumapeto kwa msika anabwera akuthamanga poganiza kuti kwagwidwa wakuba. A Rogers anafuna kutuluka msanga koma bondo linakodwa. Atatuluka, amayi aang'ono anakankhira mpando kumbuyo kwenikweni, n'kukhalapo okha, miyendo ikulendewera osafika pansi, n'kupotokola kiyi atatambasula dzanja. Kagetsi kanayaka, kanazima. Azimayi a pamjigo aja anayamba kuyang'anana.

A Benwell anati taona kuti ndi mpando, koma sitinaone chifukwa chake. Mnyamata wina wa njinga anafuna kupisa dzanja pansi pa mpando kuti athandize, ndipo a Benwell, amene sindinawaonepo akufulumira, anamumenya padzanja. Anati mawaya achikasu pagalimoto si oseweretsa, amapita kuchinthu chophulika ngati mfuti, ndipo sayesedwa ndi kababu ngati mawaya ena. Anamasula batire ndi sipanala, n'kuti tidikire moto wotsalira uthe. Anakhala pansi n'kumwa tiyi wawo amene anali atazizira, anthu tonse tikuwayang'ana kukamwa. A Rogers anati ali ndi kopita. Amayi anga anaima kutsogolo kwawo n'kuti kopitako kudikira.

Tiyi atatha, a Benwell anagona chagada pakhomo la galimoto ndi tochi, mutu pansi pa mpando. Tinamva akuti, "Aa." Kenako, "Ndani anamanga ichi?" Anapempha mpeni.

Chimene anatulutsa anachigwira ndi pulayazi, osati ndi manja. Kanali kamtolo kolimba ngati dzira la nkhuku, kokulungidwa m'kansalu, komangidwa ndi mphira ya chubu cha njinga. Anthu anabwerera m'mbuyo onse pamodzi. Palibe mwana wa kuno amene sadziwa chithumwa.

A Benwell anafotokoza kuti wina anachimangirira ku waya wachikasu pamodzi ndi chitsulo cha pansi, mwina kuti chisagubuduke n'kuonekera posesa. Waya ameneyu amayenera kukhala womasuka kuti aziyenda ndi mpando. Tsono mpando ukakhala kumbuyo, waya amakwanira. Ukapita kutsogolo, mphira imamugwira, waya amakokeka, pulagi imasomphoka pang'ono, moto n'kuduka.

A Rogers anapeza mawu msanga. Anati aha, mwaona, mkaziyu ali ndi mankhwala, ndi amene anadyera mng'ono wawo. Ndipo ndinaona nkhope zina zikuyamba kutembenukiranso kwa amayi aang'ono. Koma ine maso anga anali pakansalu kaja. Kanali kakuda ndi fumbi, koma pakona pake pankaoneka zobiriwira, ndi mutu wa nkhanga.

Amayi amandiuza tsiku lililonse kuti mwana salankhula pa akuluakulu. Tsiku limenelo sindinawayang'ane.

"A Alice," ndinatero, "nkhanga yanu ija imene anadya makoswe, si iyi?"

A Alice anabwera pang'onopang'ono. Anayang'ana kamtolo kali papulayazi. Kenako anapisa dzanja m'chiuno, anasolola ngodya ya chitenje chawo n'kuitambasula. Pangodyapo panali nkhanga yopanda mutu. A Benwell anayandikitsa pulayazi. Sipanafunike makina.

"Mwana wanga ndinamukwapula chifukwa cha nsalu iyi," anatero a Alice, akuyang'ana amuna awo. "Munali pomwepo, mukudya."

A Rogers anayamba kulankhula zambiri nthawi imodzi. Anati sichinali choipa, chinali chongodziteteza. Anati sabata ya maliro ankalota mng'ono wawo atakhala kumpando wa kumbuyo, ndiye wa ku Mnkhanya anawauza kuti achibise pamene malemu ankakhala. Anati za waya iwo sankadziwa, getsi analikhulupiriradi. Mwina n'zoona, kaya. Ambuya a Natasha anadzuka pampando okha, osagwiridwa, n'kubwera ndi ndodo yawo mpaka pamaso pa mwana wawo.

"Jonah sanakumenyepo chibadwire. Unkamuopa chiyani, ngati sunali kutenga za mwana wake?"

Ambuya anatambasula dzanja kwa a Benwell, analandira kiyi, n'kuiika m'dzanja la amayi aang'ono, n'kulipinda ndi manja awo onse awiri. Anati msonkhano wa kumapeto kwa mwezi kulibe, aliyense adye kwawo. Anati, "Amake Natasha, ndinakulakwira, mwana wanga," ndipo amayi aang'ono, amene sanalire pamjigo, sanalire polandidwa kiyi, analira pamenepo.

A Benwell anapukuta pulagi, anaikankha mpaka inalira kuti tha, n'kumanga waya m'njira yake kuti aziyenda momasuka. Anabwezera batire, anafufuta zakale m'kamakina, n'kuyendetsa mpando kutsogolo ndi kumbuyo kangapo, kiyi ali wotsegula. Kagetsi sikanabwerere. Anauza amayi aang'ono kuti pansi pa mpando asamaikepo kanthu, ngakhale anyezi, ndipo kakadzayakanso abwere nayo, osati kwa wa tepi. Chithumwa chinatsala pansi, palibe wofuna kuchitola. A Alice anachikankha ndi patapata mpaka pamapazi pa amuna awo, n'kuti katundu wanu uyo, kenako anadzakhala kumpando wa kumbuyo ndi ine, osaitanidwa.

Ambuya anakhala kutsogolo. Amayi aang'ono anakoka mpando, anaika kapilo, anamanga lamba, n'kuwamanganso ambuya. Atapotokola kiyi, kamunthu kaja kanayaka monga mwa masiku onse, ndipo ambuya anakaloza ndi chala.

"Kamatero, amama," anatero amayi aang'ono. "Kamabwera kudzaona ngati zonse zili bwino."

Tinayang'ana tonse. Kanazima.

"Waona," anatero ambuya. "Tiyeni."

Tinatuluka pamsika anthu akupatuka, amayi aang'ono akuliza hutala popanda chifukwa. Mayi woyembekezera uja wa m'chinangwa anaimika dzanja kupempha kuti timutengeko, ndipo amayi aang'ono anaima n'kumutsegulira. Pagalasi ndinaona a Rogers ataima okha padzuwa, akuyang'ana pansi, anyamata a njinga akuwafunsa ngati akufuna kukwera.

Lolemba tomato anafika kumaloji ali athunthu. Ine ndinalawirira pamjigo ndi ndowa ziwiri, nkhani yonse ili pakamwa, nditaikonza bwino poyambira ndi pothera. Ndinapeza ndowa ya amayi aang'ono ili kutsogolo kwa mzere, wina akuwapopera. Ndisanatule n'komwe, mayi wina anandigwira pamkono.

"Becky, wamva za a Rogers?"

Ndinakhala pandowa n'kuti sindinamve, tandiuzani.